Kukaona Nyama Kupaki Kuchokera pa Zalewa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi munthu wa m'thumba mopepuka angakwanitse ulendo wotere?

Angakwanitse ndithu. Ambiri timaganiza kuti malo osungirako nyama ndi a azungu ndi mabwana okha, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona mwana wobadwira m'mbali mwa Shire akuidziwa njovu pachithunzi cha m'buku basi. Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri pageti poyerekeza ndi mlendo wakunja, bola atenge chiphaso chake cha unzika. Zimene zimadya ndalama ndi galimoto ndi malo ogona, ndipo zonsezi zili ndi njira yake.

Tipite kuti, ku Liwonde kapena ku Majete?

Shire yemweyu amene timawoloka pa mlatho wa Zalewa ndiye amamwetsa nyama za malo onse awiri: Liwonde kumtunda, Majete kumunsi ku Chikwawa. Kwa woyenda pa minibasi, ine ndinganene kuti Liwonde. Mukwere msewu wa M1 kudutsa pa Phalula mpaka pa Chingeni, mukhotere ku Balaka, kenako mwafika. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mikango inabwezeretsedwamo mu 2018. Njovu zinachulukana mpaka mu 2022 zokwana 263 zinasamutsidwira ku Kasungu.

Majete nayo mbiri yake ndi yogwira mtima. M'zaka za m'ma 1990 opha nyama mozembera anatha njovu zonse m'nkhalangomo. African Parks inalowamo mu 2003, zipembere, njovu ndi mikango n'kubwereranso. Ife a ku Neno tili nayo ubale, poti mtsinje wa Mkulumadzi wotsika kumapiri akwathu umakathira mu Shire komweko. Vuto ndi mayendedwe: mudzere ku Blantyre, mutsike zitunda za ku Chikwawa, ndiye kuchoka paboma kukafika pageti mpovuta ngati mulibe galimoto yanu.

Tikafika pageti tingalowe wapansi kapena pa kabaza?

Ayi, saloleza, ndipo ndi bwino kutero chifukwa muli mikango ndi njati. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi, koma mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani anthu khumi kapena kuposerapo, kaya a kwaya, a banki m'khonde, kapena aphunzitsi a sukulu imodzi, muzisonkha pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, mudzachite hayala minibasi imodzi. Mtengo wa mafuta ndi wolowetsera galimoto ukagawidwa, aliyense amangotulutsa kangachepe. Mumvane ndi dalaivala zonse musananyamuke, kuphatikizapo chakudya chake ndi pogona pake, kuti pasadzabuke mkangano panjira.

Ngati ndalama ikungokwanira chinthu chimodzi, musankhe ulendo wa pa boti. Ku Liwonde chuma chonse chili kumtsinje. Mvuu zimakhala m'magulumagulu, ng'ona zitayasamula pamchenga, nkhwazi zili m'mitengo, ndipo dzuwa likapendeka njovu zimatsika kudzamwa ndi ana awo. Pa galimoto mungayende maola osakumana ndi mkango, pamene pa boti simungabwerere chimanjamanja.

Nanga tigona kuti, tidya chiyani?

Malo ogona a mkati mwa paki ngati Mvuu ndi okwera mtengo. Kufupi ndi geti la kum'mwera kuli makampu olola munthu kukhoma tenti yake, ndipo m'tauni ya Liwonde muli maresitihausi otsika mtengo. Imbani foni masiku angapo ulendo usanafike, mufunse mitengo ya nthawi imeneyo komanso ngati amalola kudziphikira. Ufa, mbatata, tomato ndi manachesi gulani pa Zalewa pomwe. Zipatso musagone nazo m'tenti, fungo lake limaitana nyama, ndipo anyani sachedwa kutsomphola thumba losiyidwa poyera. Musaiwale masikito ndi madzi akumwa okwanira, ku Liwonde kuli udzudzu ndi kutentha.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kuyambira June mpaka October, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana kumadzi. October amatentha koopsa, choncho kwa ana ndi agogo July kapena August ndi wabwinoko. M'dzinja misewu ina ya m'paki imatsekeka ndi matope.

Masiku awiri angakwane?

Akwana. Nyamukani Loweruka mbandakucha, mukhome matenti masana, madzulo mukwere boti. Lamulungu mukhale pageti akamatsegula, chifukwa dzuwa likakwera nyama zimabisala m'mithunzi. Musatsike m'galimoto kupatula pamene woyang'anira wakulolani, ndipo njovu ikaima pamsewu dalaivala asaimbe hutala, aime patali n'kudikira. Muyambe ulendo wobwerera dzuwa likadali pamutu kuti mufike pa Zalewa kusanade.