MKUNGUDZA NDI MISITU YA M'NKHUNGU

Kwa mafumu, nyakwawa ndi alimi a dziko la Champhira.

Pa mapiri a Viphya pali timisitu tobiriwira caka conse, tobisala m'zigwa ndi pa mitu ya mitsinje. Mphepo ya mwera ikakwera kucokera kunyanja imadza ndi nkhungu. Madzi ace amagwidwa ndi masamba ndi ndere za m'nthambi, nadonthera pansi ngakhale mvula itaka. Cifukwa cace akasupe a m'munsi mwace sauma msanga m'malimwe.

Tamverani zimene zinagwera mtengo wa msitu wotere ku Mulanje. Mkungudza sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi koma pa phiri limenelo. Azungu anaucha Widdringtonia whytei m'caka ca 1894, pokumbukira Alexander Whyte. Matabwa ace anunkhira bwino, ciswe siciwadya, saola msanga. Ndipo ubwino umenewu ndiwo unauphetsa. Mu 1984 unachedwa mtengo wa pfuko la Malawi, koma macheka sanaleke kulira. Owerenga mitengo mu 2017 anapeza yaikulu 7 yokha pa phiri lonse. Boma linabzala wina ku Zomba ndi kuno ku Viphya, ndipo mbeu zofesa m'nazale ku Mulanje zatengedwa ku mitengo yobzala yotereyi.

Nkhwangwa siinali yokha. Mbande ya mkungudza siikula mu mthunzi wa msitu. Ifuna dzuwa la m'mphepete, pamene msitu ukomana ndi udzu. Apo ndiponso pofikira moto. Mtengo umenewu ukula pang'onopang'ono, ndipo lupsa la tsiku limodzi limaliza mbande za zaka zambiri. Timisitu tanu ticepa mwa njira yomweyo: moto wa October, wa osaka mbewa ndi ofuna msipu, ubabula m'mbali caka ndi caka, msitu nubwerera m'mbuyo osaoneka ndi maso.

Cotero mfumu iri yonse isonkhanitse anthu ace mvula itangotha, alambule njira ya moto kuzinga msitu. Ngati kutentha kuli kofunika, tenthani mu May kapena June, madzulo, udzu usanaumitse. Musalime munda kufikira pa kasupe. Ng'ombe zimwere kumunsi kwa mtsinje, pakuti ziponda mbande. Wofuna mapaso ndi nsici adule bulugamu kapena paini wobzala, monga wa ku Chikangawa. Ndipo mukaona munthu aceka m'msitu wa Boma, uzani mlonda wa nkhalango tsiku lomwelo.