Kupezera mwana mmisiri woti amuphunzitse ntchito

Koleji yophunzitsa ntchito zamanja ya pa Mponela, imodzi mwa makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015, singalandire achinyamata onse a ku Chisepo amene alemba mayeso a Fomu 4 kapena amene sukulu yawakanika. Ambiri adzaphunzirira ntchito pakhonde pa telala, pashedi ya kalipentala kapena pagalaja ya njinga zamoto. Njirayi ndi yabwino ndithu. Chimene chimaipha n'chakuti makolo amangosiya mwana kwa mmisiri n'kunena kuti "muzimuonako," osapangana kanthu.

Posankha mmisiri, musatengeke ndi chikwangwani. Kaoneni chitseko chimene anakhoma kalekale ngati chikutsekekabe bwino, kapena nyumba imene anamanga ngati khoma silinang'aluke. Kenaka funsani kuti amene anadutsa m'manja mwake ali kuti lero. Mukamva kuti wina ali ndi shopu yake pa Madisi, mwapeza munthu. Alipo amisiri aluso lenileni koma oumira nzeru: mnyamata amatha chaka chathunthu akungogwirira thabwa ndi kutumidwa mandasi, sowo osaigwira n'komwe.

Tsiku lokapangana musapite nokha. Tengani amalume a mwanayo, ndipo pakhale mboni, kaya anyakwawa kaya mkulu wa mpingo. Lembani m'kope kuti aphunzira miyezi ingati, adzakhala akudziwa kupanga chiyani pofika mwezi wakutiwakuti, nsima yamasana izichokera kwa yani, ndiponso ngati azilandirako ya sopo ntchito ikagulidwa. Malipiro a mmisiri musapereke onse pakamodzi. Agaweni patatu, gawo lomaliza lidzaperekedwe mwana akadzapanga yekha chinthu chooneka. Ndalama zikavuta, mutha kugwirizana za thumba la chimanga, soya kapena mtedza pokolola, bola zilembedwe.

Dzinja ndilo limamwaza maphunziro otere, ndipo apa olakwa nthawi zambiri timakhala ife makolo. Mvula ikagwa timamuitana mwana kuti adzapalire, kenaka adzabandire, kenaka athyole ndi kusoka fodya m'chigafa. Pofika mwezi wa Epulo, dzanja laiwala zonse ndipo mmisiri watenga wina. Nayenso mmisiriyo ali ndi munda wake, choncho kambiranani mvula isanayambe: masiku akumunda ndi awa, akushopu ndi awa. Ngakhale masiku awiri pa sabata ndi okwanira kuti ulusi usaduke. Muuzeninso mmisiriyo mwaulemu kuti mwanayo sanabwere kudzamulimira ganyu yaulere.

Ngati ndi mtsikana, musamukakamize kusoka pamene mtima wake uli pa kuwotcherera kapena zamagetsi. Koma onetsetsani kuti malowo ndi oonekera, akuweruka dzuwa lisanalowe, ndipo ali ndi mayi wina amene angamuuze zakukhosi.

Kamodzi pa mwezi pitani kushopuko osalengeza. Mukamupeza mwana akugwira chiyani? Odani kampando kapena yunifolomu ya mng'ono wake, akhome kapena asoke iyeyo, inu mulipire ngati kasitomala wina aliyense. Mmisiri amene mukumupatsa ulemu ndi kumubweretsera makasitomala satopa ndi mwana wanu.

Zipangizo yambani kugula maphunziro asanathe. Mukagawana ndalama za banki mkhonde, gulani tepi ndi sikweya. Ulendo wina hamala ndi sowo. Makina osokera angafune kuti abale asonkherane. Za satifiketi, kafunseni ku koleji ya pa Mponela kapena ku ofesi ya TEVETA ku Lilongwe momwe munthu wophunzirira kwa mmisiri angayesedwere luso lake. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo pepala limathandiza pofunsira ntchito kwa makontilakitala.

Akamaliza, mwana asatsegule shopu moyang'anizana ndi mphunzitsi wake n'kumamulanda makasitomala. Asunthireko msika wina, azibwera kudzafunsa pamene zamuvuta, ndipo pemphani mmisiriyo kuti maoda akamuchulukira, ang'onoang'ono azimuponyerako.