Lole siimwa madzi a m'nyanja

Azakhali, ndinagula lole ya matani 3 ndi ndalama za ku Joni. Ndimanyamula usipa kuchoka kuno ku Nkopola kupita ku Limbe ndi ku Lilongwe. Katundu sasowa, koma mwezi ukatha m'thumba muli mbee, moti mayi a kunyumba ayamba kundiyang'ana chammbali.
Wodandaula, Nkopola

Mwana wanga, mkazi wakoyo akuganiza kuti uli ndi chibwenzi, ndipo sakunama. Chibwenzicho chili ndi matayala 6 ndipo chimamwa dizilo. Paja unalira mvula, nawa matope.

Ndikudziwa momwe umatchulira mtengo. Amayi a geni akakuzinga padoko, wina n'kukuti "achimwene, tichitireni chifundo", iwe mano mbee, n'kutchula ndalama ya ulendo wopita wokha. Nanga pobwerera loleyo imauluka? Kuchoka ku Nkopola kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba mpaka ku Limbe ndi makilomita ngati 200, kubwerera enanso 200. Ukabwerera wopanda kanthu, wanyamula mphepo ndi ndalama zako.

Usanalize injini, yamba wapeza katundu wobwerera naye. Eni mashopu pa boma la Mangochi amafuna simenti, malata ndi shuga, malo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamo amafuna zakumwa. Pangana nawo uli pakhomo, osati utafika kale ku Limbe, chifukwa akadziwa kuti wasowa pogwira adzakupatsa mtengo wa kabaza.

Ulendo wa ku Lilongwe usamaulinganize ndi wa ku Limbe. Kukwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti lole itadzaza kumamwa mafuta ngati mlamu wako pa ukwati, potsika n'kudya mabuleki. Kutsogolo kuli toll gate ya Kalinyeke ku Dedza, yomwe siidziwa kuti ndiwe mwana wa ndani. Zonsezo zilowe mu mtengo, pamodzi ndi kamba wa dalaivala, ganyu ya otsitsa matumba ndi tsiku lomwe ungagone pamzere wa mafuta. Pa ulendo uliwonse patula ya matayala, uisungitse kwa mkazi wakoyo. Akaigwira m'manja, maso achammbali aja adzatha okha.

Usamalonjezenso mtengo umodzi wa chaka chonse. Wayiwala November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Auze makasitomala poyera kuti a MERA akakweza dizilo, nawenso ukweza. Ndipo kumbuka kuti mwera ukawomba m'miyezi yozizira asodzi sapita kutali, usipa umachepa. Pamenepo nyamula chimanga kapena nandolo wa ku Namwera, loleyo isamangokhala pansi pa mtengo wa mango.

Usachite manyazi, mwana wanga, ambiri obwera kuchokera ku Joni anayamba chonchi. Koma msuweni aliyense amene amakweza matumba asanu n'kumati "tidzaonana", umuuze kuti Azakhali akuti alipire kaye asanakweze.