Kompyuta Yakale Ikakana Kuyaka

Masiku ano kompyuta imapezeka ngakhale kumudzi. Mudzaiona pa sukulu, pa chipatala, pa ofesi ya kalabu ya alimi, kapena pa sitolo yosindikiza makalata. Makompyuta ambiri otere ndi akale. Anagwira kale ntchito kwina asanafike kwa inu.

Tsiku lina mudzadina batani, koma kompyuta ili zii. Mtima udzagunda, chifukwa m'katimo muli maina a mamembala, ngongole za feteleza ndi makalata a gulu. Musafulumire kunena kuti yafa. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi zapafupi, ndipo yesani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Phunziro lino likunena za kompyuta ya pa tebulo, yokhala ndi bokosi, sikirini ndi kiyibodi.

1. Yambani mwadziteteza

Mphamvu ya magetsi imayezedwa mu volts. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi 230 volts. Mphamvu imeneyi ikhoza kupha munthu. Choncho musanatsegule bokosi, zulani pulagi pa khoma. Kenaka dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe. Manja anu akhale ouma.

M'kati mwa bokosi muli kabokosi kena kachitsulo, pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Amisiri amakatcha power supply. Kameneka musakatsegule ai. Kamasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa.

2. Ngati palibe nyali kapena phokoso

Vuto likhoza kukhala kunja kwa kompyuta. Chitani izi:

Lumikizani wailesi kapena chaja cha foni pa soketi yomweyo. Ngati nazonso sizikuyaka, yolakwa ndi soketi.

Kankhani chingwe kumbuyo kwa bokosi kuti chilowe bwino. Mwina wosesa anachigunda ndi tsache.

Yang'anani kaswichi kakuda kumbuyo kwa bokosi, ngati kalipo. Mbali yolembedwa I ndi yoyatsa. Mbali yolembedwa O ndi yozimitsa.

Mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi m'kati. Fyuzi ikapsa, moto sudutsa. Bwerekani chingwe china cha mtundu womwewo, muyese.

Chenjerani ndi ichi. Makompyuta ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kolembedwa 115 ndi 230. Nambala 115 ndi ya maiko monga America. Kuno kayenera kuonetsa 230. Mukalumikiza kali pa 115, kompyuta imapsa nthawi yomweyo. Mukagula kompyuta yochokera kunja, yambani mwaona kaswichi kameneka.

3. Ngati fani ikuzungulira koma sikirini ili bii

Apa ndiye kuti moto ukulowa. Onani ngati sikirini yayatsidwa, popeza ili ndi batani lake ndi chingwe chake cha magetsi. Onaninso chingwe chochokera ku sikirini kupita ku bokosi. Chizuleni, muchibwezere bwino.

Tsopano tcherani khutu. Makompyuta ambiri akale amalira kamodzi kuti "pii" zonse zikakhala bwino. Ikalira kambirimbiri, ikukuuzani kuti china chalakwika. Werengani kuti yalira kangati, mulembe m'kope. Kawirikawiri vuto limakhala la RAM.

RAM ndi kachipangizo kopyapyala, kotalika ngati chipeso chaching'ono, kokhala ndi mano agolide m'munsi. Ndi mmene kompyuta imasungira zimene ikuchita pa nthawi imeneyo. Fumbi ndi mabampu a pa msewu zimachititsa kuti RAM isagwire bwino pa malo ake.

Zulani pulagi. Masulani chivundikiro cha m'mbali ndi sikuludilaiva. Musanagwire kanthu m'kati, khudzani chitsulo cha bokosi. Thupi la munthu limasunga timagetsi tating'ono timene tingaononge zipangizo. RAM imakhala pa bolodi lalikulu, itapanidwa ndi tizipani ku mapeto ake. Kankhirani tizipanito kunja, RAM idzatuluka. Igwireni m'mbali. Pukutani mano ake pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo. Bwezerani, mukanikize mpaka imveke kuti "tha". Imalowa mbali imodzi yokha, choncho musaikakamize. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi payokha, kenaka inayo. Mukatero mudzadziwa yoonongeka.

Poti mwatsegula kale, chotsani fumbi ndi burashi youma yofewa kapena pampu ya njinga. Musathire madzi. Fumbi likatseka fani, kompyuta imatentha ndipo imazima yokha.

Yang'ananinso tizigubu tating'ono toimirira pa bolodi. Pamwamba pake payenera kukhala posalala. Ngati tatupa kapena tikutuluka zonga dzimbiri, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

4. Ngati kompyuta yaiwala tsiku

Nthawi zina sikirini imayaka, nkulemba mau a Chingerezi, nkukuuzani kuti mudine F1. Mukaona tsiku, mupeza kuti ndi la zaka zakale. Ichi ndi chizindikiro choti kabatire ka pa bolodi katha.

Kabatire kameneka ndi kozungulira ngati ndalama yachitsulo. Kamayendetsa wotchi ya kompyuta magetsi akazima. Kawirikawiri kamalembedwa CR2032, ndipo mphamvu yake ndi 3 volts. Kamatha patapita zaka zingapo. Kachotseni, mupite nako ku sitolo kuti mugule kofanana nako. Poika katsopano, mbali yolembedwa + iyang'ane kunja. Kenaka konzani tsiku ndi nthawi.

Kabatire kakale musakasiye pamene ana angakatole. Mwana akakameza, kamaotcha m'khosi ndipo akhoza kufa. Zikatero thamangirani naye ku chipatala msanga.

5. Ngati yalemba kuti No boot device

Mau amenewa akutanthauza kuti kompyuta sikupeza poyambira. Poyambira pake ndi hard disk. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya kompyuta. M'menemo mumakhala Windows, makalata anu ndi zithunzi zanu.

Choyamba, zulani fulashi iliyonse ndi kuchotsa CD ngati ili m'kati. Mwina kompyuta ikufuna poyambira m'zimenezo. Yatsaninso. Ikakanabe, zulani pulagi, muone zingwe ziwiri zopita ku hard disk. Zikankheni kuti zigwire.

Koma mukamva hard disk ikugogoda kuti "khe, khe, khe", zimitsani. Musayesenso. Kuyatsa kambirimbiri kumaonjezera bala, ndipo mukhoza kutaya zonse zili m'katimo.

6. Popita kwa mmisiri

Safunsa anadya phula. Mukayesa zonsezi osatheka, pitani kwa mmisiri. Tengani kope lanu, mumuwerengere zimene munaona, zimene munamva ndi zimene munayesa. Funsani mtengo ntchito isanayambe.

Dziwani ichi: kompyuta ikhoza kufa koma nkhokwe yake ili bwinobwino. Mmisiri akhoza kuchotsa hard disk, kuilumikiza ku kompyuta ina, nkukopera makalata anu. Koma akaifufuta kuti aikemo Windows yatsopano, zonse zimapita. Choncho nenani poyera kuti, "Bambo, chonde musafufute kanthu musanandikopere makalata a gulu lathu." Akasintha chipangizo, pemphani kuti akupatseni chakalecho.

7. Kupewa kumaposa kuchiza

Magetsi akazima, zulani pulagi. Pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yambiri. Kukamachita ziphaliwali zulaninso. Musaike bokosi pansi pa fumbi kapena pamene padontha. Mukazimitsa, livundikireni ndi nsalu. Sabata iliyonse koperani makalata ofunika mu fulashi, muisunge kwina. Mlimi wanzeru sasunga mbeu yonse m'chikwatu chimodzi.

Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu 2014, ndipo Windows 7 mu 2020. Kompyuta yokhala ndi zimenezi ikhoza kulembabe makalata, koma pa intaneti ndi yosatetezeka.

Mafunso okambirana

1. Muyenera kuchita chiyani musanatsegule bokosi la kompyuta?
2. Kaswichi kofiira kayenera kuonetsa nambala yanji kuno kwathu?
3. Mungadziwe bwanji kuti kabatire katha?
4. Nchifukwa chiyani muyenera kuzimitsa hard disk ikamagogoda?
5. Kodi gulu lanu limasunga kuti makalata ake ofunika?

Ntchito yolemba

Lembani kalata yaifupi yopita kwa mmisiri. Mufotokozere zimene kompyuta ikuchita ndi zimene mwayesa kale.