Chimbudzi cham'mwamba pa shopu yakale: yambani ndi mapaipi

Wamalonda amene akufuna kuika chimbudzi chogejemula m'chipinda cham'mwamba pa shopu yakale asathamangire kugula matailosi. Nkhani yagona pa njira yotulutsira zonyansa.

Paipi yoyenera ndi ya PVC ya mamilimita 110. Pomwe yagona, izitsika pafupifupi sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse, apo ayi zonyansa zimaima panjira.

Ndi bwino paipiyo ituluke pakhoma n'kutsikira kunja. Kuboola silabu mwachisawawa kumadula zitsulo, ndipo tsiku lomwe polumikizira padzadonthe, zonsezo zidzagwera pa matumba a ufa ndi shuga ali pansipo. Mbali ina ya paipiyo ikwere mpaka kupitirira denga kuti mpweya uzidutsa. Ena amaidumpha pofuna kupulumutsa ndalama, koma popanda imeneyi madzi otsekereza fungo m'chimbudzi amakokedwa, fungo n'kudzaza shopu yonse.

Mapaipi apansi a nyumba zakale ambiri ndi adothi, ena analowa mizu. Pulambala atsegule manhole, athire ndowa ya madzi, aone ngati akuyenda. Aonenso kukula kwa septic tank asanalumikize, komanso mwini nyumba akatenge chilolezo kukhonsolo ntchito isanayambe.