ZOLAKWA ZA ANTHU POFUNA KUCHULUKITSA NDALAMA

Mlimi akagulitsa fodya, mtedza kapena thonje, ndiponso mphunzitsi akalandira malipiro ake, afuna kuti ndalama yotsala ibale inzake. Ichi nchinthu chabwino ndithu. Koma ambiri ataya chuma chao chifukwa safunsa funso limodzi: kodi phindu lichokera kuti? Akulu anati safunsa anadya phula.

1. Kukwirira ndalama. Ena aika ndalama mumphika kapena pansi pa mphasa, nayesa kuti zasungika. Kumeneko kuli chiswe, moto ndi mbala. Ndiponso ndalama yogona ichepa mphamvu. M'mwezi wa November 1923 sikunali kwacha, pakuti inayamba mu 1971. Koma mu November 2023 mphamvu yake inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya feteleza, sopo ndi mchere inakwera. Amene anakwirira anapeza mapepala omwewo, koma ogula zochepa.

2. Kukhulupirira phindu lamsanga. Ichi ndicho cholakwa chachikulu. Mu 1920, ku Boston m'dziko la America, Charles Ponzi analonjeza anthu phindu la magawo 50 pa 100 m'masiku 45 okha. Kunena zoona analibe malonda obala phindu lotero. Ankangotenga ndalama za obwera pambuyo nalipira nazo oyamba. Oyambawo ankauza abale ao, ndipo khamu linakula. Chaka chomwecho zonse zinagwa, iye anamangidwa, ndipo anthu zikwi zambiri anataya chuma chao. Chinyengo chimenechi chikalipo, ndipo tsopano chifika ngakhale pa lamya za m'manja.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana masamu awa pa bolodi. Ngati K10,000 ichulukitsidwa kawiri mwezi uli wonse, pakutha miyezi 12 ifika K40,960,000. Palibe munda, khola kapena sitolo yobala chotero. Wolonjeza zotere alipira ndi ndalama za anzake, ndipo wolowa potsiriza ndiye alira.

3. Kuyamba malonda ndi katapila. Munthu wokongola K20,000 kuti abweze K30,000 pakutha mwezi ayenera kupindula K10,000 asanadyepo kanthu. Malonda a tomato kapena usipa sabala chotero kawirikawiri. Chotero agwirira nchito mwini katapila, ndipo potsiriza alandidwa njinga kapena mbuzi.

4. Kudya mpamba. Mpamba uli ngati mbeu: wodya mbeu sadzakolola. Wamalonda wosalemba m'buku sadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu, ndipo atapa m'thumba limodzi za ndiwo, za maliro ndi za mowa.

5. Kuika zonse pamalo amodzi. Wodalira mbeu imodzi asauka mtengo ukagwa kapena mvula ikavuta. Wanzeru agawa: zina ku ziweto, zina ku munda, zina ku banki.

Tsono munthu asanapereke ndalama yake afunse ngati banki, SACCO kapena kampaniyo ili ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi, ndipo alandire lisiti. A banki m'khonde awerenge ndalama pamaso pa onse ndi kulemba ngongole iri yonse. Ngati wofuna ndalamayo alephera kufotokoza bwino kumene phindu lichokera, kapena afulumiza munthu kuti apereke lero lomwe, mwini ndalama abwerere nayo kwao.