Funsani Azakhali: Chimbale chaima, ana akudandaula, mabuku achita fumbi

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mphunzi, m'boma la Dedza. Alemba ndi mayi a ana atatu, omwe amatsogolera kwaya pampingo pawo komanso amapeka nyimbo zawozawo zauzimu. Chaka chatha adayamba kujambulitsa chimbale cha nyimbo 10 pa situdiyo ina ku Lilongwe, koma mpaka lero zatha ndi zinayi zokha. Ulendo uliwonse umadya ndalama za mbatata ya kachewere, ndipo pena amagona konko kudikira magetsi kapena wojambula yemwe watanganidwa ndi oimba ena. Akabwerako amapeza bambo akunyumba atakwinya nkhope, kamwana kakang'ono kakukana kudya, pomwe wa Sitandade 2, malinga ndi aphunzitsi ake, akulephera kulumikiza maphatikizo. Kale mayiwa ankakonda kuwerenga, koma lero mabuku ali m'katoni kunsi kwa bedi, ndipo aona okha kuti nyimbo zawo zatsopano zikungobwereza mawu amodzimodzi. Akufunsa ngati n'koyenera kusiya kuimba kuti alere bwino ana, kapena alimbe mtima amalize chimbalecho, zina zidzakonzedwa pambuyo.

Azakhali akuyankha motere.

Mayiwa asasiye kuimba. Chomwe chikuwapweteka ndi changu chofuna kumaliza nyimbo zonse pakamodzi, uku akufunanso kukhala pakhomo tsiku lililonse. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pa zinthu zitatu zomwe atchulazi, chimbale chokha ndicho chingathe kudikira osaonongeka. Mwana wa Sitandade 2 akapitirira chaka chino asakudziwa kuwerenga, adzavutika m'makalasi onse akutsogolo, maka akadzayamba kuphunzira maphunziro ambiri m'Chingerezi pofika Sitandade 5.

Mbiri ya oimba athu ikuonetsa kuti kuchedwa kutulutsa chimbale sikupha luso. Malemu Lucius Banda adatha zaka zambiri akuimba mu Alleluya Band ku Balaka, pansi pa mkulu wake Paul Banda, asadatulutse chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, adamveka dziko lonse lapansi pa TikTok ndi nyimbo ya Linny Hoo atapitirira kale zaka 90. Nako ku Zomba, akaidi ndi asilikali a ndende adajambulidwa m'kati mwa ndende momwemo mu 2013 ndi zipangizo zonyamula m'manja, ndipo chimbale chawocho chidalowa nawo pampikisano wa Grammy wa 2016. Chidawafikitsa kumeneko ndi nyimbo zochokera pansi pa mtima ndi mawu okhwima, pakuti situdiyo yapamwamba kudalibe.

Tsono ntchito yojambula ayiike panyengo yake. Kwa mlimi wa kumapiri a Dedza yemwenso ali ndi ana asukulu, mwezi wa Ogasiti ndiwo wabwino. Zokolola zimakhala zili m'nyumba, misewu yafumbi yokafika pa M1 imakhala youma, chisanu cha Juni ndi Julaye chomwe chimasasitsa mawu chimakhala chikuchepa, ndipo ana ali patchuthi, choncho angathe kutsala ndi agogo awo kapena amayi awo aang'ono popanda kujomba kusukulu. Miyezi inayo ikhale yokonzekera. Nyimbo aziiyeserera ndi anzawo akwaya mpaka aliyense ataloweza mbali yake, aijambule pafoni, aitumize kwa wojambulayo pa WhatsApp kuti ayambiretu kukonza zing'wenyeng'wenye. Akatero, tsiku lopita ku Lilongwe lidzakhala longoika mawu basi, kunyamuka m'bandakucha n'kubwerako madzulo.

Wojambulayo agwirizane naye polemba papepala: mtengo wa nyimbo iliyonse, tsiku lomwe idzathe, ndi kuti ikatha adzapatsidwa yonse pa fulashi. Asamalipiriretu ndalama zonse ntchito isadathe. Oimba ambiri alira chifukwa kompyuta ya pasitudiyo idaonongeka nyimbo zili momwemo, iwo alibe pena pomwe adasunga.

Nyimbo zinayi zomwe zatha zija zisagone m'foni kudikira zinzake. Masiku ano anthu amamvera nyimbo imodziimodzi, pafoni ndi pa memore khadi, ndipo ndi ochepa omwe amafunsa za chimbale chathunthu. Asankhe imodzi yomwe anthu amaiimbira limodzi ikaimbidwa kutchalitchi, apite nayo ku wailesi monga MBC, Zodiak kapena ya Nkhoma Sinodi. Akalembetsenso ku Cosoma, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ntchito zaluso ndi kutolerera eni ake ndalama nyimbo zawo zikamaseweredwa. Nyimbo yosalembetsa imatha kumveka mwezi wathunthu pawailesi mwini wake osaona ngakhale tambala.

Nkhani ya bambo akunyumba njosavuta kuimvetsa. Mbatatayo adalima onse, kupalira onse, kukumba onse, ndiye n'zowawa kuona ndalama yake ikuthera pa minibasi ndi pasitudiyo popanda kukambirana. Awiriwa akhale pansi ana atagona, agawe munda: gawo lalikulu la chakudya, feteleza ndi zofunika kusukulu, kagawo kena ka nyimbo. Ndalama ya kagawo kameneko ikatha, kujambula kuime mpaka chaka chamawa. Ngongole ya banki m'khonde kapena katapila isalowe m'nkhani ya chimbale, chifukwa chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa nyimbo isadabweze kanthu. Ngati kukambiranako kukanika, ankhoswe alipo, ndipo kuwaitana msanga si manyazi.

Pa za ana ndi mabuku, Azakhali akuona kuti mayiwa akuwerenga mavuto awiri pomwe mankhwala ake ndi amodzi. Madzulo aliwonse, mbale zitatsukidwa, ayatse nyale ya sola, akhale pamphasa ndi mwana wa Sitandade 2 uja ndi buku lake lakusukulu. Mwanayo aziloza ndi chala phatikizo lililonse, mayi ake n'kumaliimba, iye n'kumavomera, monga momwe amachitira pophunzitsa kwaya nyimbo yatsopano. Mphindi 20 n'zokwanira. Ana ambiri alibe mwayi wokhala ndi kholo lotha kusandutsa ba, be, bi, bo, bu kukhala nyimbo, koma uyu ali nawo m'nyumba momwemo. Akamaliza, mayi atulutse buku lawo m'katoni muja, awerenge mokweza tsamba limodzi kapena awiri, ana onse akumva.

Mabuku oyambira ali pafupi ndi kwawo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma yomwenso mpingo wa CCAP wa ku Mphunzi udachokera, adalemba Nthondo, buku lomwe lidapata mphoto mu 1933, komanso Mbiri ya Achewa. Palinso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, Ntchito ya Pakamwa la E.J. Chadza ndi Njala Bwana la Willie Zingani. Woimba zauzimu asaiwale Masalimo m'Buku Lopatulika, momwe muli kulira, kudandaula, kukwiya ndi kuyamika, pomwe nyimbo zambiri za lero zidangogwira kuyamika kokha. Akhale ndi kope laling'ono m'chikwama, azilembamo mawu ndi ziganizo zomwe zawagwira mtima. Pakatha miyezi itatu adzaona kusintha m'nyimbo zawo.

Asaopenso kuti ana akaona mayi awo ali kalikiriki ndi nyimbo ndiye kuti akumanidwa kanthu. Ku Chileka, ana a Robert Fumulani adakulira pakati pa magitala, ndipo ndiwo adadzakhala msana wa Black Missionaries. Grace Chinga, yemwe adatisiya mu 2016, adasiya Steve Spesho ndi Miracle Chinga akuimba, ndipo akuimbabe. Ngakhale m'mapanga a Mphunzi momwemo, omwe ali m'gulu la malo 127 a Chongoni omwe UNESCO idawazindikira mu 2006, zina mwa zojambula zoyera za m'deralo zidali za amayi achichewa polangiza atsikana pachinamwali. Kumeneko luso ndi kulera zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale. Choncho poyeserera kwaya ana azipita nawo, wamkulu apatsidwe chisekese, wamng'ono aziomba m'manja.

Mayi a ku Mphunzi, sabata ino imbirani foni wojambula uja mumuuze kuti mudzabwera mu Ogasiti, ndipo akutumizireni nyimbo zinayi zomwe zatha. Kambiranani ndi bambo za munda mvula isadagwe. Kuwerenga ndi mwana kuyambe madzulo ano, ndipo teremu ikatha mudzatilemberenso kutiuza zomwe aphunzitsi ake anena.